MABWALO A KU HARARE: MWINI KHOMO ALANDIRIRA ALENDO KWA ENI

Pa 10 October, 2025, timu ya mpira wa miyendo ya dziko la Zimbabwe, imene eni ace amaichula Warriors, inalandira timu ya South Africa pa masewera olimbirana malo ku Cikho ca Dziko Lonse ca 2026. M'mabuku a bungwe la FIFA munalembedwa kuti Zimbabwe ndiye mwini khomo, ndipo South Africa ndiye mlendo. Koma mpirawo unaseweredwa ku Durban, pa bwalo la Moses Mabhida, m'dziko la mlendoyo, mtunda wa makilomita oposa 1,600 kucokera ku Harare. Mwini nyumba ndiye anamanga katundu nakwera ndege. Mlendo anagona kwao. Masewerawo anatha popanda cigoli.

Sikunali kuyamba. Pa 14 November, 2021, Warriors analepherana ndi Ethiopia, 1 kwa 1, pa bwalo lao lalikuru la National Sports Stadium. Atatha masewera amenewo bwalolo linatsekedwa ku mpira wa maiko, ndipo pamene timuyo inabwerera m'mipikisano inakhala yoyendayenda monga munthu wopempha malo ogona. Nigeria inalandiridwa ku Huye m'dziko la Rwanda mu November 2023. Lesotho inalandiridwa ku Orlando, mu Johannesburg, mu June 2024. Cameroon ku Kampala mu September caka comweco. Kenya ku Polokwane mu November. Benin ku Durban mu March 2025. Cozizwitsa ncakuti m'kuyendayenda komweku anyamatawo anapeza malo ku Cikho ca Maiko a mu Afirika cimene cinacitikira ku Morocco, popanda kuponda udzu wa kwao ngakhale kamodzi. Koma pa mpikisano wa Cikho ca Dziko Lonse zinthu zinaipa: pa masewera 10 sanapambane ngakhale amodzi, natsirizira pansi pa gulu lao.

Gwero la zonsezi ndi cigamulo ca bungwe loyendetsa mpira mu Afirika la CAF. Mu February 2020 akuru a bungweli, atayendera kale mabwalo a mu Zimbabwe, ananena kuti palibe limodzi loyenera masewera a maiko. Cifukwa ca mliri wa Covid-19, pamene mpira unali kuseweredwa popanda oonera, National Sports Stadium linaloledwa kwa kanthawi, ndipo Algeria inasewerapo mu November 2020. Cilolezo cimeneco citatha, cipata cinatsekedwanso. Motero mzinda wa anthu oposa 1,500,000, wokhala ndi mabwalo atatu ochuka, unatsala wopanda polandirira mlendo.

Pa nkhani yotere anthu amathamangira kunena za manyazi a dziko. Manyaziwo alipo, koma woluza weniweni ndi munthu wa pa nchito wa ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Chitungwiza. Iye analikutha kusunga kangacepe pa malipiro ace, kukwera minibasi Lamulungu masana, ndi kukaona timu ya dziko lace ndi mwana wace. Ulendo wa ku Durban ufuna pasipoti, ndalama za basi ya masiku awiri, pogona, ndiponso cilolezo ca bwana. Amai ogulitsa cimanga cooca ndi zakumwa pa cipata, anyamata osunga magalimoto, oyendetsa minibasi, onsewa anataya tsiku la malonda. Bungwe la mpira la ZIFA nalo, m'malo molandira ndalama za pa cipata, linali kulipira ndege, hotela ndi renti ya bwalo la eni. Nzoona kuti ku Johannesburg kuli anthu a ku Zimbabwe ambirimbiri amene anapita kukafuna nchito, ndipo iwo anakondwa kuona timu yao pafupi. Koma cimweneco cingoonetsa kuti mpira unatsata anthu ku ulendo umene anaupita cifukwa ca kusowa.

KALE ZINACITIKA, KOMA PA CIFUKWA CINA

Akuru amene anali pa nchito mu Salisbury masiku a Rhodesia akumbukira kuti dzikoli linasewerapo kwa eni. Mu November 1969 timu ya Rhodesia inakomana ndi Australia polimbirana malo ku Cikho ca Dziko Lonse ca 1970. Popeza Boma la a Ian Smith linali litadzilengeza lokha ufulu mu 1965, ndipo maiko analikana, masewerawo anaikidwa ku Lourenço Marques, mzinda umene tsopano ndi Maputo. Analepherana kawiri, 1 kwa 1 ndi 0 kwa 0, ndipo pa masewera acitatu Australia inapambana 3 kwa 1. Caka cotsatira FIFA inaimitsa Rhodesia. Nthawi imeneyo mlandu unali wa ndale ndi tsankho. Mlandu wa zaka za 2020 unali wa mipando, zipata, madzi ndi zimbudzi.

Cenjezo linanso linadza mu 1999. Zimbabwe inali itapatsidwa mwai wocititsa Cikho ca Maiko a mu Afirika ca 2000, koma CAF inalanda mwaiwo ponena kuti zokonzekera zacedwa, nipereka mpikisanowo ku Ghana ndi Nigeria. Anthu a ku Harare anadandaula kuti aponderezedwa ndi maiko a kumpoto ndi kumadzulo, ndipo mwina m'dandaulolo munali coona. Komabe funso limene linafunsidwa pamenepo, lakuti mabwalo ali bwanji, ndi lomwelo linabwera patapita zaka 21.

BWALO LA RUFARO

Kuti munthu amvetse kulira kwa anthu a ku Harare ayenera kuyambira ku Mbare. Lokeshoni imeneyi inakhazikitsidwa mu 1907, ndipo masiku a Citaganya inali kuchedwa Harari. Ndiko ku Walale kumene anyamata a ku Nyasaland, a ku Northern Rhodesia ndi a ku Tete analikupita pansi kukafuna nchito. Dzinalo linaperekedwa ku mzinda wonse mu 1982, lokeshoniyo nitenga dzina la Mbare. Pamenepo, pafupi ndi msika waukuru ndi nyumba zosanja za Matapi, pali bwalo la Rufaro. Mau amenewa m'Cishona atanthauza cimwemwe.

Lamulo la masiku amenewo linagawa mzinda pawiri. Azungu anali ndi makalabu ao a udzu wothiriridwa kumpoto. Anthu akuda anali ndi mabwalo a pfumbi m'malokeshoni. Ndalama zambiri zomangira maholo ndi mabwalo a m'lokeshoni sizinacokere ku msonkho wa eni mafakitale iai, koma ku phindu la mowa wa masese umene Khonsolo yokha inali ndi mphamvu yogulitsa. Kunena mosabisa, wa nchito anadzimangira yekha pocezera ndi makobiri amene anasiya ku bhawa. Ici ndico cifukwa cace anthu a ku Mbare salankhula za Rufaro monga katundu wa Khonsolo, koma monga munda wa makolo ao.

Pa bwalo limeneli ndi pamene panakulira timu ya Dynamos, imene inabadwa mu 1963 nitenga ligi caka comweco. Pamenepa anthu anaonera George Shaya, amene anasankhidwa kasanu kukhala katswiri wa caka, ndipo pambuyo pace Moses Chunga. Mbali imodzi ya nsanja, kumene kumakhala ocemerera aukali koposa, idziwika ndi dzina lakuti Vietnam, ndipo matimu a alendo anali kuiopa monga momwe munthu aopera mng'oma wa njuci. Ana ndi adzukulu a anthu a ku Nyasaland, obadwira m'makomboni ndi m'malokeshoni a dzikolo, anacuruka ndithu pakati pa osewera ndi oonera omwe. Benjani Mwaruwari, amene anakhala kapitao wa Warriors nakasewera ku Manchester City, ndi mwana wa makolo a ku Malawi wobadwira ku Bulawayo.

Koma dzina la Rufaro linamveka pa dziko lonse cifukwa ca usiku umodzi. Pakati pa usiku wa pa 17 April, 1980, mbendera ya Britain inatsitsidwa pa bwalo limeneli, ya Zimbabwe nikwezedwa, pamaso pa Kalonga Charles, amene tsopano ndi Mfumu, Bwanamkubwa Lord Soames, Mai Indira Gandhi, a Kenneth Kaunda ndi atsogoleri ena. Bob Marley anabwera ndi gulu lace ndi zoimbira zace pa ndalama za m'thumba mwace. Cimene cimaiwalika pofotokoza usikuwo ncakuti mkati munali alendo oitanidwa, pamene khamu la eni dera linali kunja kwa mpanda. Atamva kuyimba anakankha zipata, apolisi naponya utsi wokhetsa misozi, kuyimba nikuima kwa kanthawi. Marley anayimbanso tsiku lotsatira kuti anthu wamba amve. Tsono pa tsiku loyamba lenileni la ufulu, funso la amene alowe ndi amene atsale kunja linayankhidwa ndi utsi. Mu February 1987 bwalo lomweli linalandira Paul Simon, Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo, pa nthawi imene Makeba ndi Masekela sakadatha kuyimba kwao. Mu September 2019 mtembo wa a Robert Mugabe unagonekedwa pomwepo kuti anthu auone, ndipo ena anabvulala pokankhana.

Kugwa kwa Rufaro kunadza pang'onopang'ono. Ca m'ma 2008 FIFA inayalapo kapinga wa pulasitiki. Kapinga wotere afuna kupesedwa ndi makina ndi kuthiridwa tizidutswa ta mphira nthawi ndi nthawi. Posowa cisamaliro anauma gwa, osewera nadandaula za maondo ndi zilonda, mpaka anacotsedwa mu 2017. Udzu weniweni unabwerera, koma ngalande zocotsa madzi zinali zitafa, zipinda zobvalira ndi zimbudzi zitaonongeka. Kuyambira nthawi ya mliri bwalolo linakhala lotseka. Mu 2022 Khonsolo ndi kampani ya Sakunda Holdings anagwirizana zolikonza, koma cisanathe caka anakangana, kampaniyo nicoka. Khonsolo inapitiriza yokha, ndipo mpira wa ligi unabwerera ku Mbare mu 2024. Anthu anadzaza nsanja monga kale. Koma kubvomerezedwa ndi ligi ya m'dziko ndi kwina, kubvomerezedwa ndi CAF ndi kwinanso; caka comweco Dynamos inalandirira alendo ace a mpikisano wa mu Afirika ku Francistown, m'dziko la Botswana.

Za Gwanzura, ku Highfield pafupi ndi masitolo a Machipisa, zifupika cifukwa palibe zambiri zacitika. Bwaloli lichedwa ndi dzina la abale awiri, Eric ndi Phanuel Gwanzura, amene analimbika kuti anthu akuda akhale ndi posewerera pao masiku a tsankho. Linali kwao kwa timu ya CAPS United. Linatsekedwa ca m'ma 2015 kuti likonzedwe, ndipo zaka zinapita, malonjezo nabwerezedwa, udzu numera m'nsanja.

BWALO LALIKURU NDI TSIKU LA 9 JULY

National Sports Stadium linamangidwa ndi thandizo la dziko la China nilitsegulidwa mu 1987, kumadzulo kwa mzinda, pa mseu wa ku Bulawayo, moyang'anana ndi manda a ngwazi a Heroes Acre. Linamangidwira anthu 60,000. Masiku ace abwino anali abwinodi. Pa 16 August, 1992, timu imene anthu anaicha Dream Team, yophunzitsidwa ndi Mjeremani Reinhard Fabisch, inathira South Africa zigoli 4 kwa 1, Peter Ndlovu akali mnyamata. Mu 1995 Masewera a Afirika Yense anatsegulidwira pomwepo. Mu 1998 Dynamos inaseweramo ndime yotsiriza ya cikho ca makalabu a mu Afirika ndi ASEC Mimosas ya ku Abidjan. Atalikonzanso akatswiri a ku China, timu ya Brazil inadzasewerapo pa 2 June, 2010, pa ulendo wace wa ku Cikho ca Dziko Lonse, nipambana 3 kwa 0. A Emmerson Mnangagwa analumbirira pomwepo pa 24 November, 2017.

Koma amene afuna kunena kuti CAF ingobvuta ndi zinthu zacabe ayambe wakumbukira tsiku la 9 July, 2000. Zimbabwe inali kusewera ndi South Africa, patangopita masabata awiri cicitikire cisankho cowawa ca aphungu, ndipo mitima ya anthu inali m'mwamba. Kutatsala mphindi zocepa, Delron Buckley anamwetsa cigoli caciwiri ca alendo. Oonera ena anaponya mabotolo m'bwalo. Apolisi anayankha poponya utsi wokhetsa misozi m'nsanja zodzaza, anthu nathamangira ku zipata zopapatiza, ena nagwa, anzao nawaponda. Anthu 13 anafa. Anacoka kunyumba masana kukaona mpira, ndipo madzulo abale ao anali kuwafunafuna m'zipatala.

Tsoka lotere silinagwe ku Harare kokha. Pa 11 April, 2001, anthu 43 anafa pa Ellis Park mu Johannesburg pa masewera a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, cifukwa analowa ocuruka kuposa malo. Patangopita mwezi umodzi anthu oposa 120 anafa ku Accra, utsi wa apolisi utaponyedwa zipata ziri zotseka. Ku Lilongwe, pa 6 July, 2017, tsiku lokumbukira ufulu, anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa pa zipata za bwalo latsopano la Bingu. Ku Yaoundé, mu January 2022, pa bwalo latsopanonso la Olembe, anafa 8. Nkhani zonsezi zifanana pa zinthu zitatu: palibe anadziwa ciwerengero ca anthu, zipata zinacepa kapena zinacedwa kutsegulidwa, ndipo amene anali ndi mphamvu yolamula sanali kuona cimene cinali kucitika.

Apa ndi pamene pagona tanthauzo la zimene CAF ifuna. Mpando wa munthu mmodzi wokhala ndi nambala suikidwa kuti munthu akhale mofewa. Nchito yace ndi kuwerenga. Pa nsanja ya simenti pamene payenera kukhala anthu 10 pakhoza kupanikizana 16, ndipo palibe angadziwe. Pa mipando, mipando ikatha matikiti athanso. Cipata ca makina cimene cizungulira kamodzi pa tikiti imodzi ciwerenga olowa, ndiponso citseka njira ya mlonda wolandira ndalama m'manja nalowetsa anzace. Cipinda coyang'anira, cokhala ndi makamera, ciika mkuru wa apolisi, wa ambulansi ndi wa bwalo pa tebulo limodzi, kotero kuti wapolisi wa pansi asaponye utsi mwa nzeru zace zokha. Zinanso ndi magetsi okwanira wailesi ya kanema, cipinda ca dokotala, madzi otuluka m'mipope, ndi malo a olemba nkhani. Zina mwa izi zitumikira makampani a kanema koposa oonera, ndipo nzoona kuti malamulowo analembedwa poyang'ana mabwalo a ku Ulaya. Mu 2021 maiko ambiri a mu Afirika anapezeka opanda bwalo lobvomerezeka nthawi imodzi. Koma mtima wa malamulowo ndi wakuti munthu abwerere kwao wamoyo.

MWINI WACE NDANI?

Cimene cibvuta kumvetsa ndi kutalika kwa nthawi. Mipando ya pulasitiki si cinthu codabwitsa; ipangidwa m'fakitale monga mabeseni. Nanga zinatheka bwanji kuti dziko likhale zaka zisanu osaiika?

Yankho loyamba ndi umwini. National Sports Stadium ndi la Boma. Rufaro ndi Gwanzura ndi a Khonsolo ya mzinda. Amene alangidwa bwalo likakanidwa ndi ZIFA ndi makalabu, amene alibe mphamvu yokhomera ngakhale msomali umodzi. Dynamos, timu ya zaka zoposa 60 ndi ocemerera osawerengeka, yakhala ya renti moyo wace wonse. Wobwereka sakonza denga, ndipo mwini nyumba amene sagonamo samva kudontha. Pamwamba pa ici, kwa zaka zambiri kuyambira 2002 Khonsolo ya Harare yakhala m'manja mwa zipani zotsutsa pamene Boma liri m'manja mwa ZANU-PF, ndipo mbali iri yonse ipeza cokoma poloza cala inzace. Boma ndi ZIFA nawonso anakangana: mu November 2021 bungwe la Boma loyang'anira masewera linaimitsa akuru a ZIFA, FIFA niimitsa dziko lonse kuyambira February 2022 mpaka July 2023. Pa miyezi imeneyo panalibe masewera a maiko, tsono panalibenso cofulumizitsa munthu. Inali nthawi yabwino yokonzera bwalo popanda kusokoneza ali yense, ndipo inapita pacabe.

Yankho laciwiri ndi ndalama, ndipo pano pafunika cilungamo. Dziko limene ndalama yace inasanduka mapepala mu 2008, ndi kugwanso pambuyo pace, silipeza msanga madola ogulira katundu kunja. Khonsolo imene ilephera kupopa madzi okwanira, mu mzinda umene kolera inapha anthu mu 2008, mu 2018 ndi mu 2023, ikaika ndalama pa udzu wa mpira idzafunsidwa ndi amai a ku Budiriro ndi Glen View, ndipo amaiwo sadzakhala olakwa. Komatu ndalama zimene zinapita ku ndege, mahotela ndi renti ya mabwalo a eni pa zaka zonsezi nazonso zinali madola, ndipo sizinasiye kanthu kooneka m'dzikomo.

Yankho lacitatu ndi khalidwe lokonda kumanga koposa kusamala. Tsiku lotsegulira bwalo pakhala nduna, riboni ndi zithunzi; tsiku losintha mpope wophulika palibe amene aitanidwa. Walira mvula walira matope: amene alandira bwalo la anthu 60,000 walandiranso bilu ya madzi, magetsi, utoto ndi alonda ya caka ndi caka. Dziwe losambiramo la ku Chitungwiza, lomangidwira masewera a 1995, linafika podziwika koposa ndi magule ndi mapemphero, madzi ataphwa kale. Pofuna kupeza ndalama, oyang'anira mabwalo amawabwereketsa ku machalichi, oyimba ndi zipani. Si colakwa, pakuti bwalo ndi la anthu onse, koma nsanja ya oyimba ndi mapazi zikwi zambiri zikakhala pa udzu usiku wonse, Loweruka osewera apeza munda wa mbatata. Mu 2023, Rufaro ndi Gwanzura ali otseka, matimu a ligi a mu Harare anaunjikana pa bwalo lalikuru, mpira kangapo pa sabata, mpaka udzu unatha nalo linatsekedwa. Dynamos inakalandirira alendo ku Barbourfields mu Bulawayo, pa khomo la adani ace a Highlanders, ndipo CAPS United inapita ku Gweru.

Pa zaka zonsezi, kuyambira 2018 mpaka 2025, nduna ya masewera inali Mai Kirsty Coventry, katswiri wosambira amene anatengera dziko lace mendulo za golidi ku Athens ndi ku Beijing. Mu March 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti ya Olympic ya dziko lonse, mkazi woyamba ndiponso munthu woyamba wa mu Afirika pa mpando umenewo. Anthu a ku Harare ananyadira, koma sanaleke kufunsa za mipando ina ija. Mipandoyo inayamba kufika ndi kuikidwa, komabe pamene masewera a ku Durban anafika mu October 2025 bwalolo linali lisanabvomerezedwe. Oonera anali atamva masiku olonjezedwa ambiri kotero kuti anayamba kuyankha ndi mwambi wa fodya, kuti wako ndi amene ali pamphuno.

KUMPOTO KWA MZINDA

Ulendo wa mphindi zocepa kucokera ku Mbare ufikitsa munthu pa Harare Sports Club, pafupi ndi nyumba ya Pulezidenti, pakati pa mitengo ya jakaranda. Iyi inali kalabu ya Azungu kuyambira masiku oyamba a Salisbury. Bwalo lace la kiriketi lakhala likulandira maiko kuyambira October 1992, pamene India inadzasewera, ndipo mu 2018 ndi 2023 linadzaza ndi anthu akuda oyimba ndi kubvina pa masewera olimbirana malo ku cikho ca dziko lonse. Mu 2023 masewera ena a mpikisano womwewo anacitikira pa bwalo la Takashinga, ku Highfield, kufupi ndithu ndi Gwanzura wotsekedwayo. Zimbabwe iri pamodzi ndi South Africa ndi Namibia pa maiko osankhidwa kucititsa cikho ca kiriketi ca 2027.

Ena amati uku ndi tsankho lakale lobvala malaya atsopano. Mbiri iri nao mbali: bwalo limodzi linayamba ndi madzi ndi ndalama, linalo ndi pfumbi. Koma Takashinga aonetsa kuti nkhani si ya dera lokha. Kiriketi ilandira gawo la ndalama caka ndi caka kucokera ku bungwe lace la dziko lonse, bwalo lace ndi laling'ono, ndipo amene alisamala ndi yemweyo amene aligwiritsa nchito. Munthu wothirira udzu adziwa bwana wace, ndipo bwanayo adziwa kuti udzu ukafa masewera acoka. Mu mpira wa miyendo maudindo amenewa anagawidwa kwa anthu atatu osamvana.

Dziko la Malawi linalawako mankhwala omwewa. Mu 2021 Flames inalandirira Mozambique ndi Ivory Coast ku Orlando mu Johannesburg, bwalo la Kamuzu ku Blantyre litakanidwa ndipo la Bingu lisanakonzeke. Zofunikazo zitakonzedwa, bwalo la ku Lilongwe linabvomerezedwa, ndipo mu June 2022 Ethiopia, imene inalibe bwalo kwao, inadzabwereka nigonjetsa Egypt pomwepo 2 kwa 0. Amene anali wobwereka anasanduka wobwereketsa pasanathe caka. Kusiyana kwace nkwakuti bwalo la Bingu linali latsopano, lotsegulidwa mu 2017 liri ndi mipando kale, pamene la ku Harare ndi nyumba ya 1987 imene mapaipi ndi mawaya ace anakalamba pamodzi ndi simenti.

Pali mbali ina imene wa nchito ayenera kuiyang'anitsitsa. Mipando icepetsa malo, pakuti mpando udya danga lalikuru kuposa munthu wopanikizana ndi mnzace pa simenti. Malo akacepa, ndipo ndalama zokonzera zikafunika kubwezedwa, mtengo wa tikiti ukwera. Matikiti akayamba kugulidwa pa foni kapena ndi khadi la banki tsiku lisanafike, munthu wolandira ndalama ya tsiku ndi tsiku, amene adziwa Lamulungu m'mawa ngati ali nayo kapena iai, ndiye ayamba kutsala. Ku England, kumene lamulo la mipando linadza pambuyo pa tsoka la Hillsborough la 1989, imfa za m'mabwalo zinatha, koma anthu a m'mafakitale amene anakuza mpirawo ambiri anakankhidwira ku wailesi ya kanema. Ngati zotere zicitika ku Harare, munthu wa ku Matapi adzakhala atacotsedwa pa bwalo kawiri: poyamba ndi mtunda wa ku Durban, kenaka ndi mtengo wa pa cipata ca kwao. Mtengo wa mpando wotsika koposa, ndi ciwerengero ca mipando yotere, ndi zinthu zimene ZIFA, Boma ndi Khonsolo angathe kulemba m'pangano asanatsegule zipata, ndipo makomiti a ocemerera a Dynamos ndi CAPS United ali ndi mau okwanira kuti azifunse.